Msoko Wokana Kung'ambika

Fortuna Varriale anadziwa kuti golovesi ya Aniello ing'ambika asanaigwire n'komwe. Anali atakhala pa masitepe aatali okwera kuphiri la Capodimonte, akudya timabisiketi ta tsabola m'kapepala kamodzi, pamene mnyamatayo anaitulutsa m'thumba n'kuivala monyada ku dzanja lamanzere. Inali yatsopano, yansalu yotanuka, ya zala zitatu, monga amavalira osewera biliyadi, masewera ogunda timipira pagome, kuti ndodo izitsetsereka bwino dzanja likatuluka thukuta.

"Tabwera nayo kuno," anatero Fortuna.

"Usaiyang'ane ndi diso la bambo ako. Ndi ya amayi iyi, yachoka pamakina dzulo."

"Ndaona kale. Apa pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala, pomwe imadutsa ndodopa, asoka ngati akuthamangira basi. Mwezi sifika iyi."

"Fortù, tabwera kudzacheza kapena kudzanyoza amayi anga?"

"Zonse ziwiri. Vula."

Mwana wa wosoka magolovesi sayenda wopanda singano. Fortuna anaisolola pakolala ya bulauzi, nadula msoko wa makina uja ndi mano, n'kuyamba kusoka ndi ulusi wopaka phula la njuchi umene sunkachoka m'chikwama chake. Ankasoka ndi manzere, ndipo akafika pamphanda ya zala ankabwerera kawiri, monga anamuphunzitsira malemu mayi ake. Aniello sankayang'ana msoko. Ankayang'ana khosi la mtsikana litawerama, mpaka Fortuna anamubaya singano pabondo.

"Mayo! Ukundipheranji?"

"Kuti uphunzire kulemekeza ntchito. Vala. Imeneyi udzakalamba nayo."

"Ukandisokera chonchi ndiye kuti basi ndine wako."

"Wanga ndi amene adzakwere masitepe a kwathu dzuwa likuswa mtengo, osati wondibisa kuno ngati katundu wakuba."

Aniello anaseka, koma kuseka kwake kunathera m'njira. Ku Sanità, dera la kwawoko, mnyamata amene sanakwere kunyumba kwa mtsikana kukadya chakudya cha Lamulungu ndi wodutsa m'njira chabe, ngakhale atalumbira pa oyera onse. Ndipo masitepe a kwa Varriale sanali apafupi kwa Aniello, mwana wa Capuozzo.

Don Sabatino, bambo a Fortuna, ankadula magolovesi a biliyadi pachikopa chofewa cha mwana wa mbuzi, ndipo a donna Rachele Capuozzo, mayi a Aniello, ankawatchula kuti masokosi a m'manja. Donna Rachele, mkazi wamasiye wa pakamwa poyaka moto amene anagula makina n'kuyamba kusoka ansalu, ankabweza kuti a Varriale ndi mbuzi zakufa zodula mtengo. Aliyense ankalumbira kuti ake ndiwo olimba. Mkanganowo unakula limodzi ndi ana awo, ndipo njovu zikamamenyana timadziwa amene amavutika.

* * *

Tsoka silinunkha. Tsiku lomaliza Lenti isanayambe, Fortuna anaperekeza bambo ake kukasiya katoni ya magolovesi kunyumba ya biliyadi ya don Eduardo. Anapeza donna Rachele ali pomwepo ndi katoni yawo, ndipo Aniello ali pagome lapakati, ndodo ili m'manja.

"Don Eduà, mukusungabe masokosi m'kabati yagalasi?" anayamba don Sabatino asanapereke n'komwe moni. "Anthu aziyesa mwatsegula shopu ya nsapato."

"Abwera ndi mbuzi zawo," anatero donna Rachele, osatembenuka. "Munthu akatuluka thukuta kawiri zimauma gwa ngati nsomba yamchere."

"Zimauma, koma sizing'ambika."

"Sizing'ambika? Chaka chatha chala cha munthu chinasuzumira kunja ngati mutu wa kamba, tonse tikuona!"

"Anaichapa ndi madzi otentha, chitsiru chija!"

Don Eduardo anamenya chikhatho pakauntala, makapu a khofi nalira. "Ndatopa nanu! Zaka zonsezi anthu akubwera muno kudzasewera, koma akungomva za mbuzi ndi masokosi. Tithane nazo. Catello uyu amasewera tsiku ndi tsiku. Kuyambira mawa, Lachitatu la Phulusa, m'mawa azivala yachikopa, masana yansalu, mpaka Loweruka Loyera. Akamaliza ndizizitsekera m'kabati, kiyi ili m'khosi mwanga. Yoyamba kubooka, mwini wake atulutse katundu wake muno, ndipo asadzatsegulenso pakamwa."

Catello Iovine, katswiri wa m'nyumbamo, anakweza ndodo yake posonyeza kuvomera, koma maso ake anali pa Fortuna. Anali atamufunsira kale kawiri, ndipo kawiri konse anabwerera ndi manyazi.

Don Sabatino anasankha golovesi m'katoni mofatsa, naikoka, nainunkhiza, naipereka. Donna Rachele katoni yawo sanaiyang'ane.

"Ine sindisankha, zanga zonse n'zofanana. Anié, bwera kuno!" Anagwira dzanja la mwana wawo n'kumuvula golovesi ngati akusenda nthochi. "Iyi yagwirapo kale ntchito. Tengani yomweyi, asadzanene kuti ndinakonza yapadera."

Aniello anayang'ana kumbali. Fortuna anaizindikira pomwepo. Golovesi imene don Eduardo ankatsekera m'kabati inali ija ya pamasitepe.

* * *

Madzulo ake akudya pasta ya mbatata, don Sabatino anali wosangalala ngati wapambana kale.

"Ukuyesa sindidziwa za masitepe a ku Capodimonte?" anatero mwadzidzidzi. "Kuno munthu ukayetsemula pamsika, wokuyankha ndi mayi wa pansanja yachitatu."

Kenako anamuloza Fortuna ndi foloko.

"Tamvera. Ndikapambana, mwana wa Rachele akwere pa Pasaka, adzadye nafe nkhosa. Wopambana sasunga mangawa."

"Nanga mukagonja, bambo?"

Anaika foloko pansi. "Ndikagonja, dzina la Capuozzo lisadzamveke pansi pa denga ili ine ndili moyo. Koma ukuopa chiyani, mwana wanga? Unaonapo msoko wa Rachele ukufika pa Pasaka?"

Sanauonepo. Koma msoko umenewu sunali wa Rachele, ndipo Fortuna ankawadziwa bambo ake. Akapambana amatha kukuvulira malaya, akagonja amatseka ndi mawindo omwe. Chimene wakhala akuchilakalaka chinali chitaikidwa patebulo, ndipo chokhacho choima pakati chinali ntchito ya manja ake.

Mawa lake analembera Aniello pafoni. "Uwauze mayi ako kuti msokowo ndi wanga. Ayambirenso ndi golovesi ina."

Yankho linabwera masana. "Umawadziwa amayi. Angandidye wamoyo. Dikira, mwina ing'ambika."

"Sing'ambika. Ndinasoka ndine."

"Ndiye uwauze ndiwe bambo ako."

Fortuna anayang'ana mawuwo nthawi yaitali. Akayamba bwanji? Kuti bambo, msoko umene mkazi wanu anandisiyira ndaupachika pa nsalu ya mdani wanu? Ankati anena mawa, mawa likafika ankati mkuja. Tsiku lililonse limene ankakhala chete, kunenako kunkalemera kuposa dzulo lake.

"Tionane Lachinayi pamasitepe," analemba.

"Pakali pano ayi. Amayi akuti anthu akandiona ndi wa kwa Varriale mpikisano uli m'kati, anena kuti tagulitsana. Pirira, Fortù."

Lachinayi anapitabe. Anagula timabisiketi tija, nakhala pamalo pawo, nadya tiwiri, totsalato nanyenyera nkhunda.

Lenti ya chaka chimenecho inali yaitali. Anzake a Fortuna onse anali atakwatiwa, ena atasamukira kumpoto, ndipo m'nyumba imene inkasokosera mayi ake ali moyo munkangomveka lumo la bambo ake pansi ndi wailesi ya anansi. Iye ankakhala pawindo, dengu la chingwe likukwera ndi zikopa zodulidwa, likutsika ndi magolovesi osokedwa, onse a dzanja limodzi, opanda anzake. Mauthenga a Aniello anayamba kufupika. Anachoka pa mizere isanu kufika pa umodzi, kenako n'kukhala kachithunzi ka mtima basi. Kusungulumwa kunamugwira Fortuna mpaka chakudya chinasiya kumukomera. Tsiku lina anapezeka ali m'tchalitchi akuyatsa kandulo, akupempha kuti ulusi wake uduke. Anatuluka ali ndi manyazi, chifukwa wosoka wopempherera ntchito yake kuti iwonongeke sanamvekepo.

* * *

Lamulungu la Kanjedza, anthu atatuluka ku Misa ankapatsana nthambi za azitona pabwalo la tchalitchi, adani ndi adani omwe, monga zimakhalira chaka ndi chaka. Fortuna anaima pafupi ndi chitseko nthambi yake ili m'manja. Anaona Aniello akudutsa atagwiridwa mkono ndi mayi ake. Mnyamatayo anangomugwedezera mutu pang'ono, ngati akupereka moni kwa wogulitsa nyuzipepala.

"Mtendere, Fortù."

Anali Catello, atavala jekete yatsopano, akumupatsa nthambi.

"Mtendere," anayankha Fortuna mosafuna.

"Sufunsa za mpikisano? Yachikopa yapyapyala pa chala cha mkombaphala. Ndayamba kuona khungu langa. Pa Pasaka sifika."

"Nanga inayo?"

"Inayo ndiyo yandidabwitsa. Nsalu yatuwa, yatha, koma msoko uli nji. Tsiku lina ndinaitembenuza kuti ndione mankhwala ake." Anatsitsa mawu. "Ndavala magolovesi ako zaka zambiri, Fortù. Msoko wopendekera kumanzere ndimaudziwa ngati nkhope ya amayi anga."

Fortuna anayang'ana uku ndi uku. "Ukufuna chiyani?"

"Ine? Kukuthandiza. Waona chikhadabo ichi? Kungokanda ulusi umodzi pansi pa gome, mawa masana yatseguka yokha. Bambo ako apambana, ndipo golovesi yong'ambika palibe amaitembenuza. Imangoponyedwa m'bini."

"Ndipo iwe upindulanji?"

"Mpando wachitatu pa Pasaka. Ukhale wanga, osati wa kamwana koyamwa kaja."

"Ndiye ndapulumutsa chiyani?"

"Bambo ako. Ukudziwa kuti akatulutsidwa kwa don Eduardo, nyumba zina zonse za biliyadi zimva tsiku lomwelo. Munthu wamkulu ngati uja aziyenda atawerama chifukwa cha iwe? Winayo wakupulumutsa chiyani? Wakupatsa nthambi lero?"

Mawu amenewa anamulasa Fortuna chifukwa anali oona. Kwa kanthawi anaona zonse zili zophweka: bambo ake akuseka, nyumba ili ndi phokoso, munthu wokhala naye patebulo amene saopa kumuyang'ana pagulu. Kenako anayang'ana chikhadabo chija, chachitali, chakuda ndi choko, n'kuganiza chikukanda pomwe iye anabwerera kawiri.

"Tenga nthambi yako, Catè. Ukakhudza ulusi umenewo ndikamuuza ndekha don Eduardo kuti katswiri wake ndi wakuba."

"Ukuteteza ndani? Aniello kapena msoko?"

Fortuna anamufulatira. Anabwerera kunyumba yekha, nthambi yake yosapatsa munthu naisomeka kumbuyo kwa chithunzi cha mayi ake.

* * *

Loweruka Loyera m'mawa, nyumba ya don Eduardo inadzaza ngati kuli maliro a munthu wotchuka. Anabwera ndi amene sanagwirepo ndodo chibadwire. Don Eduardo anavula kiyi m'khosi, natsegula kabati, nayala magolovesi awiri pa nsalu yobiriwira ya gome. Nkhani inali yosafuna woweruza. Yachikopa inali ndi chibowo cholowa chala, yansalu inali yonyansa koma yathunthu.

"Imbani belu!" anakuwa donna Rachele. "Masokosi aika mbuzi m'manda!"

Anthu anaseka. Don Sabatino sanaseke ndipo sanakalipe. "Ndiione," anatero.

"Ioneni bwino, don Sabatì, mwina muphunzirapo kanthu paukalamba."

Wosoka magolovesi saweruza ntchito kunja. Don Sabatino anavala magalasi, nalowetsa zala, naitembenuza golovesi ija. Anaiyandikitsa kunyale ya pamwamba pa gome. Fortuna, amene anaima kumbuyo kwawo, anaona chala chawo chachikulu chikuyenda pamsoko pang'onopang'ono, n'kuima pamphanda.

Don Sabatino anali atauzindikira msokowo. Liwu limodzi lokha likanakwanira. Akanangonena kuti golovesi iyi inasokedwanso, ndipo inasokedwa ndi dzanja la kwa Varriale, mpikisano ukanathera pomwepo, donna Rachele akanatuluka atafunda manyazi, ndipo Sanità yense akanadziwa kuti ngakhale nsalu ya Capuozzo imalimba ndi ulusi wa Varriale. Koma liwu lomwelo likanamuika mwana wawo pagome, pamaso pa amuna onsewa, kuti afotokoze kumene anakumana ndi dzanja la Aniello.

Fortuna anayang'ana Aniello. Mnyamatayo akanangoti amayi, dikirani, pali chimene simukudziwa. Aniello anali atawerama, akupaka choko kunsonga ya ndodo imene inali itapakidwa kale.

Don Sabatino anaibweza golovesi mmene inalili, naiyala bwinobwino pagome.

"Yalimba," anatero. "Amene anasoka apa anaphunzitsidwa bwino."

Anavula magalasi, napita kukabati yagalasi, natulutsa magolovesi awo onse n'kuwalongedza m'katoni ndi manja awo. Fortuna atafuna kuwalandira katoniyo, bambowo anaikumbatira molimba n'kutuluka. Anthu anayamba kuwombera m'manja donna Rachele, koma mayiwo kuseka kunali kutawathera. Anali ataona kuti mdani wawo anachedwa pamsoko uja kuposa mmene munthu amachedwera pa ntchito ya makina. Anatola golovesi ija mwakachetechete n'kuiponya m'chikwama.

* * *

Don Sabatino anakwera masitepe a nyumba yawo akupumira pa nsanja iliyonse, zimene sanachitepo. Fortuna ankawatsatira pambuyo. Atalowa, anaika katoni pansi n'kukhala pampando osavula chipewa.

"Bambo..."

"Adelaide, mayi ako, sanauonetse msoko umenewo ngakhale kwa mng'ono wake," anatero osamuyang'ana. "Ankati ndi wa mwana wanga."

"Ndinasoka mpikisano usanayambe, bambo. Sindinkadziwa kuti..."

"Sindinakufunse kuti unasoka liti. Kusokako ndikanakukhululukira, ndinali mnyamata nanenso. Koma Lenti yonse wakhala ukundipakulira chakudya, ine ndikudzitama pano ngati tambala, iwe ukudziwa. Unandisiya ndipite pamaso pa anthu ndili wakhungu."

Misozi inayamba kumutsika Fortuna. "Bwanji simunanene kuja? Mukanapambana."

"Ndikanapambana ndi chiyani? Ndi dzina la mwana wanga?" Anaimirira. "Mnyamata wako anali pomwepo, pakamwa pake pali bwinobwino. Ndamuona mmene amapakira choko. Zimene ndinanena ndanena, dzina limenelo muno ayi. Ndipo Pasaka ikatha usakhalenso pawindo. Ntchito yanga ndipereka kwa ena, singano yako ili ndi mabwana awiri."

Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Fortuna anapita kukhitchini kuti amwe madzi, napeza nyama ya nkhosa imene bambo ake anagula dzulo lake ili m'beseni, atainyika kale mu vinyo ndi adyo. Inali yokwanira anthu atatu, n'kutsalako.

Foni inanjenjemera m'thumba. Anali Aniello.

"Amayi aitembenuza golovesi ija. Adziwa."

Fortuna anatsamira khoma. Isanathe mphindi unabweranso uthenga wina.

"Sanakalipe n'komwe! Akuti ubwere kwathu Pasaka ikatha."

Mtima wa munthu ndi wopusa. Ngakhale anali atangomuona mnyamatayo atawerama ngati wakuba nkhuku, mtima wa Fortuna unadumpha. Anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, nayamba kuganiza za diresi yovala. Kenako unalowa uthenga wachitatu.

"Akuti ubwere ndi singano zako, ndi ulusi uja wa phula."

Anauwerenga kawiri. Kumbuyo kwa chitseko chotseka ankamva bedi la bambo ake likulira pamene ankatembenuka. Fortuna analemba:

"Ndibwere ngati ndani, Anié? Mkazi wako, kapena wantchito wa mayi ako?"

Foni inaonetsa kuti Aniello akulemba. Analemba, nasiya, nalembanso, nasiyanso. Fortuna anadikira ali chiimire pakati pa khitchini. Yankho litafika linali lalifupi.

"Ndiwafunsa amayi."